Makina Opeta a Ababa

Ababa anali telala pa boma la Nkhotakota, pakhonde la sitolo ina kumunsi kwa msika. Anayamba kusoka pamenepo ine ndisanabadwe: mikanjo, mayunifomu, madiresi a ukwati, chilichonse chimene munthu wabwera nacho. Pamene maso awo anayamba kuchita mdima n'kuti ine nditayamba kale ntchito pa ofesi ya bungwe lina la alimi a mpunga. Kuchipatala anatiuza kuti si ng'ala yoti angachotse ayi, ndi mitsempha ya m'maso imene ikufa pang'onopang'ono, ndipo umene wafa sudzukanso. Anawapatsa mankhwala odontheza. Kulowetsa ulusi pasingano kunayamba kuwakanika, kenako msoko unayamba kukhota, ndipo tsiku lina anasoka thumba la shati mozondoka mwini shatiyo ali chiimire pomwepo. Anabwera kunyumba, n'kusamba, n'kukhala pampando, ndipo pakhonde paja sanapitenso.

Mlongo wanga amene ali ku Joni ndi amene anatumiza makina opeta. Anawagula kwa munthu wina amene ankatseka shopu yake. Anafika pa lole atakulungidwa m'mabulangete, pamodzi ndi kompyuta yake yachikale, ya bokosi lalikulu lotuwa ndi sikirini ya chimsana. Ntchito ya makinawo inali kupeta mabaji a sukulu, mayina pamashati, maluwa pamizuli ndi pamabulauzi a amayi a kutchalitchi. Chithunzi chinkakonzedwa pakompyuta, kompyuta n'kuuza makina kudzera pa chingwe chonenepa, makinawo n'kumasoka okha.

Makina amenewa ndi amene anawabwezera ababa pakhonde. Ine ndinkakonza zithunzi Loweruka, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi ndinkawalowetsera ulusi wa tsikulo. Pa mabatani ochepa a kiyibodi amene ankafunika ndinamatapo tinsalu tokhakhala kuti aziwamva ndi chala. Zina zonse ankachita okha. Ankakunga nsalu m'kamkombero kake mpaka ilire ngati ng'oma, n'kuiika pamakina, n'kudina. Ulusi ukaduka ankamva ndi khutu makina asanaime n'komwe. Aphunzitsi a sukulu za ku Malengachanzi ndi za kutali monga Dwambazi ankabwera ndi matumba a mashati, ndipo ababa ankawalandira ndi nthabwala ngati kale. Anthu ena sankadziwa n'komwe kuti munthu amene akuwapatsa baji yowongoka chonchi sakuwaona nkhope.

Kompyutayo inafa m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Ababa anandiimbira foni masana ndili pa ntchito.

"Amayi, bwera udzaone. Ndikudina koma sikuyankha, ndipo kukumveka fungo la waya."

Ankanditchula amayi chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo. Ndinakwera kabaza, n'kupeza atakhala pambali pa bokosilo, dzanja lili pamwamba pake. Tinalinyamula kupita nalo kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa depoti ya maminibasi, munthu wa ku Dwambazi amene Chichewa chake chimamveka kuti makolo ake ndi a kumpoto. Atatsegula, m'katimo munali fumbi, dzimbiri ndi nkhungu zouma zimene zinalowera pa fani. Anayatsa tochi n'kundionetsa pamene panapsa.

"Iyi yapita, achemwali. Chinyezi cha nyanja chinaidya kale, lero yangomaliza."

Ndinati palibe vuto, ku ofesi ndili ndi laputopu yatsopano, tingoikamo pulogalamu ya makinawo. Masidi onse ndinali nawo, mlongo wanga anawatumiza m'kachikwama. Bamboyo anatembenuza sidiyo n'kupukusa mutu. Anati pulogalamu yopeterayo inapangidwira sisitimu yakale, imene kompyuta zamakono zinasiya kalekale, ndipo sisitimu ya mu laputopu yanga siingailandire. Anandionetsanso kanthu kena kamene ndinali ndisanakaganizireko, kachipangizo kakang'ono kamene kanali kobayidwa kumbuyo kwa bokosi, pakati pa bowo lalikulu la timano tambiri ndi chingwe cha makina. Anati ameneyo ndi kiyi wa pulogalamu, popanda iye siitseguka. Laputopu yanga inalibe bowo lotero.

"Ndiye basi?" ababa anafunsa. Anali pabenchi nthawi yonseyi.

"Njira ilipo, madala, koma ine sindinaiyesepo ndi makina ngati anuwa. Pali mapulogalamu amene amapanga kompyuta yonamizira m'kati mwa laputopu. Sisitimu yakale mumaiika mmenemo, iyo n'kumaganiza kuti ili m'bokosi lake. Laputopu imodzi, masisitimu awiri. Za adaputa yolumikizira chingwecho tiona pambuyo."

Ababa anaseka pang'ono. "Kuinamiza kompyuta. Chabwino, inamizeni."

Laputopuyo siinali yanga, choncho ndinakapempha kwa abwana. Anandilola, n'kunena kuti mafayilo a alimi asasokonekere ndipo Lolemba lililonse izipezeka pa desiki. Ndinayamba kuwerenga pafoni nthawi ya nkhomaliro. Mapulogalamu amene anthu ankatchula kwambiri anali atatu. Yoyamba inali yaulere, ndipo ambiri ankati ndi yosavuta kwa munthu woyamba kumene, ngakhale ena ankadandaula kuti imachedwa. Yachiwiri inali yogula, ankaitama kuti imagwira bwino zipangizo zobaya kunja, ndipo ankalola kuiyesa mwezi umodzi usanalipire. Yachitatu inali yobwera kale ndi sisitimu yatsopano, koma nditafufuza ndinapeza kuti mtundu umene unali mu laputopu ya ku ofesi unali wotsika, unalibe zimenezo. Anthu a pa intaneti ankakangana za atatuwa ngati za mpira. Ankanena za masewera a pakompyuta, za maphunziro awo, za ntchito za m'makampani. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene ankafuna kupeta baji ya sukulu.

Ndinawafotokozera ababa madzulo ena akuchokera kumzikiti.

"Ababa, kwatsala awiri, yaulere ndi yogula."

"Yabwino ndi iti?"

"Sindikudziwa. Aliyense akutama yake."

"Yamba ndi yaulereyo. Ikakana tidzaona."

Kupanga dawunilodi kokha kunanditengera masiku. Netiweki ya pa boma imabwera n'kuchoka, ndipo fayilo ikatsala pang'ono inkaduka, n'kuyambiranso poyamba, bandulo n'kutha. Itatheka, pulogalamuyo inakana kuyamba, inati chinachake m'kati mwa laputopu n'chozimitsa. Wokonza uja anandionetsa batani lodina laputopu ikangoyaka, tinalowa pa sikirini ina yodzaza Chingerezi chimene sindinachionepo, n'kuyatsa chinthucho. Kenako tinakumbukira kuti laputopu ilibe polowetsa sidi. Tinabwereka kachipangizo kowerenga sidi kobaya kunja kwa munthu wina wojambula mavidiyo a ukwati. Magetsi anathima tili pakati, batire n'kutha, tinayambiranso mawa lake.

Tsiku limene sisitimu yakale inayaka ndinali pakhonde paja ndi ababa. Pakati pa sikirini ya laputopu panatseguka kawindo, m'kawindomo munatuluka zonse za kompyuta yakale ija, ndipo kanyimbo kake koyambira kanalira. Ababa anadzidzimuka n'kutembenukira kumene kunali phokosolo.

"Ndi iyeyo! Wadzuka?"

Telala mnzawo wa khonde loyandikana anabwera kudzaona, ngakhalenso mayi wogulitsa zitumbuwa. Ababa ankawauza onse kuti mwana wawo waika kompyuta m'mimba mwa inzake. Ine ndinaika pulogalamu yopetera, inalowa bwinobwino. Nditaitsegula inalemba mawu ochepa: kiyi sakupezeka. Sindinawawerengere mawuwo anthu ali pomwepo. Ndinangoti kwatsala adaputa.

Adaputayo pa boma panalibe. Tinatuma kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe, tinamupatsa chithunzi pafoni. Anabwera ndi yolakwika, ya timano tochepa. Ulendo wachiwiri anabwera ndi yooneka yolondola. Ndinabaya kiyi, n'kubaya chingwe, n'kuuza pulogalamu yaulere ija kuti chipangizochi ichipereke kwa sisitimu yakale. Sisitimuyo inachiona, koma inachitenga ngati pulinta. Kiyi sanapezeke. Ndinasintha chilichonse chimene chinkasinthika. Ndinafufuta zonse n'kuikanso. Ndinalemba funso langa pa intaneti m'Chingerezi changa, ndipo munthu mmodzi yekha anayankha, anati ndigule makina atsopano.

Nthawi imeneyi sukulu zinali pafupi kutsegulira temu ina. Aphunzitsi ankabwera ndi mashati, ababa n'kumawauza kuti adikire pang'ono, makina ali pa sevisi. Ena anasiya matumba awo, anaunjikana pakona. Ababa ankapitabe pakhonde m'mawa uliwonse, ankapukuta makinawo, n'kuthira mafuta pamene pamafunika, n'kukhala. Ndikamadutsa pa kabaza popita ku ofesi ndinkawaona atavala mzuli wawo, manja ali pamaondo, nkhope italoza kumsewu.

Ndinapita ku pulogalamu yogula ija, mwezi woyesera. Inali yolemera kuposa inzake, laputopu inkatentha ngati mbaula ndipo fani inkalira osapuma. Mafayilo a ku ofesi anayamba kutseguka mochedwa, abwana n'kundiyang'ana. Wokonza uja anapeza adaputa ina kwa mnzake wa ku Salima, ya mtundu wina. Loweruka lina masana, nditasintha zinthu zimene lero sindingakumbukire n'komwe, pulogalamu yopetera inatseguka. Zithunzi zanga zonse zimene ndinasunga pa fulashi zinaoneka.

"Ababa, kungani nsalu."

Anatenga shati loyera pa thumba la pamwamba, la mwana wa sukulu ya pulayimale, n'kulikunga, n'kuliika. Ndinalowetsa ulusi wobiriwira. Anati adine okha, ndipo ndinawagwira chala n'kuchiika pa batani la laputopu chifukwa panalibe tinsalu tija. Makina analira, singano inatsika. Inasoka mkombero wa baji, n'kuyamba zilembo. Ababa anali atapendeketsa mutu, akumvetsera, milomo ikuyenda. Zilembo zili pakati phokoso linasintha. Makina anaima, n'kudumpha, n'kuyamba kubaya malo amodzimodzi mothamanga. Ndisanafike pozimitsa singano inathyoka, kachidutswa kake kanagwera pansi. Pa shatipo panali bowo loti chala n'kulowa.

Ababa anachotsa shatilo, n'kupapasa bowolo ndi chala chachikulu.

"Ili ndi la mwana wa munthu," anatero.

Tinayesanso pa zigamba. Nthawi zina inkasoka theka, nthawi zina kungoyamba n'kuima. Wokonza uja anabwera yekha pakhonde atatseka shopu yake, anakhala nafe mpaka nthawi ya swala ya madzulo. Pomaliza anati uthenga wochokera ku sisitimu yakale umadutsa m'manja ambiri usanafike ku makina, umachedwa panjira, ndipo makinawo sadikira. Anati pulinta ikhoza kudikira, koma singano ikayamba kuyenda imafuna uthenga uzibwera osadukiza.

"Ndikagula yeniyeniyo, osati yoyeserayi, zisintha?" ndinamufunsa.

"Ndikunamizeni chifukwa chiyani, achemwali? Ndi imodzimodzi. Kugula kumangochotsa tsiku lothera."

Njira imene inatsala inali kupeza kompyuta ina yakale yokhala ndi bowo lija. Ndinayenda m'maofesi a pa boma amene ndinkadziwako anthu. Kwina anati anataya kalekale, kwina anati zilipo m'sitolo koma ndi katundu wolembedwa, sangapereke kwa munthu. Ina tinaipeza ku Salima, ndinapita ndekha pa minibasi n'kubwera nayo pamiyendo. Inayaka kamodzi n'kuzima, m'kati mwake munali mofanana ndi yathu ija. Mlongo wanga ku Joni anati afufuza, koma nthawi imeneyo ntchito yake inali itatha, ndipo mafoni ake anayamba kuchepa. Sindinkafuna kumuvutitsa.

Mwezi woyesera unatha. Tsiku lina nditatsegula, pulogalamuyo inangolemba kuti nthawi yakwana. Ndinabwerera ku yaulere ija, popeza inali ikadalimo, n'kumayesabe Loweruka lililonse ndi adaputa ya ku Salima ija. Kiyi ankapezeka tsiku lina, tsiku lina osapezeka. Makina sanasokenso chilembo ndi chimodzi chomwe.

Aphunzitsi anayamba kubwera kudzatenga matumba awo. Sanakwiye, ambiri anawapepesa ababa. Mmodzi wa ku Malengachanzi, amene anakhala kasitomala wawo kuyambira kale, anawauza mwaulemu kuti ku Lilongwe tsopano kuli anthu amene amadinda baji pashati ndi moto, mashati onse a sukulu tsiku limodzi. Anati siikhalitsa ngati yopeta, imasuluka ikachapidwa, koma makolo akuikonda chifukwa ndi yotsika mtengo. Ababa anavomera ndi mutu, n'kumufunsa za ana ake. Shati lobowoka lija ababa anagula lina m'malo mwake, anakana kuti ine ndigule.

Mvula itafika pachimake, abwana anandiitana. Anati bungwe latumiza pulogalamu yatsopano yolembera alimi, ndipo munthu wa makompyuta wochokera ku likulu wanena kuti laputopu yadzaza ndi zinthu zosakhala za ntchito. Analankhula modekha, ankawadziwa ababa. Ndinapempha kuti ndifufute ndekha. Ndinatsegula kawindo kaja komaliza, sisitimu yakale inayaka bwinobwino, yosavuta chilichonse, pulogalamu yopetera ili pakona pake. Ndinaizimitsa, n'kudina pofufuta. Inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinavomera.

Madzulo ake ndinawauza ababa. Ndinayamba kufotokoza kuti ndikapeza laputopu yangayanga ndidzayesanso, kuti mwina kudzatuluka pulogalamu ina yabwino, kuti mwina ku Blantyre kuli adaputa ya mtundu wina.

"Amayi, siya," anatero. "Watopa. Inenso ndatopa kumva ukutopa."

Khonde lija analisiya kumapeto kwa mwezi umenewo, tsopano pali mnyamata wogulitsa makava a mafoni. Makina opeta tinawanyamula pa ngolo kupita nawo kunyumba. Ali m'chipinda changa, kuseri kwa chitseko. Anthu awiri anabwerapo kudzawaona, koma atamva za kompyuta ndi kiyi sanabwerenso. Wina anafuna kugula mota yokha, ababa anakana, kenako patapita milungu anati ndimuitane, koma munthuyo anali atapeza kale ina.

Mpunga utayamba kucha, azakhali anga a ku Malengachanzi anabwera kudzawatenga. Anati kumunda kukufunika munthu woinga mbalame, ndipo ntchito imeneyo siifuna maso kwambiri. Anawamangira kachisakasa m'mbali mwa dambo, ndi zingwe zopita mbali zonse za munda zomangiriridwa zitini. Akamva mpheta zatera amakoka chingwe, zitini n'kulira. Ndinapita kukawaona Lamlungu lina. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, mapazi ali ndi matope, chingwe chili m'manja. Anandizindikira ndi mayendedwe. Tinacheza za mpunga, za udzudzu wa kudambo, za mlongo wanga amene anali asanaimbe foni. Za makina sanafunse, inenso sindinayambitse.

Ndikutsanzika anandiitana ndili kale pa mzere wa munda.

"Ukapita pa boma, undigulire buluku pa kaunjika. Ili latha m'maondo."

Ndinaima. Moyo wawo wonse ababa sanavalepo chovala chosoka munthu wina. Ngakhale malaya a tsiku la ukwati wawo anasoka okha.

"La mtundu wanji, ababa?"

"Lililonse. Bola likhale lolimba."

Ndinagula Lachiwiri, lakuda, la nsalu yokhuthala. Linali lalitali miyendo, ndipo ndinapita nalo kwa telala mnzawo uja kuti alipinde. Anandifunsa kuti ndi la ndani. Ndinati ndi la munthu wina wa ku ofesi. Anayeza ndi tepi, n'kundiyang'ana, n'kulipinda osafunsanso. Ndinalipereka kwa wakabaza wopita ku Malengachanzi, ndipo azakhali anatumiza uthenga kuti lafika ndipo lawakwana.